Watipaso, Kafoni ka Mabatani ndi Nkhuku za Kutsidya

Mmawa wina wa mwezi wa Okutobala, Watipaso Sakala atatsegula chitseko anapeza thumba la feteleza lili pakhonde, lomangidwa kukamwa ndi luzi. Ntchentche zinali zitayamba kale kulizungulira. Atamasula anaona nkhuku zakufa, makosi opotoka, zina zikadali zofunda.

Chapatali pang'ono, pafupi ndi nkhokwe, panaima a Yunesi, mayi wa m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, atapinda manja pachifuwa.

"Ndabwera nazo kuti muzione ndi maso anu," anatero a Yunesi, osakweza mawu. "Munati mubwera kudzatemera. Tinatsekera nkhuku m'makola mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mawa lake tinatsekeranso. Simunabwere. Tsopano chitopa chasesa mudzi wonse. Izi ndi zimene ndimati ndigulitse kuti mwana wanga apite ku sekondale."

Watipaso anatsegula pakamwa kuti atsutse, chifukwa mumtima mwake ankakhulupirira kuti kutsidya anapitako. Koma atafufuza bwino m'mutu, anazindikira chimene chinachitika. Anakumbukira kuti mudzi wa kumsewu anautemera kawiri mwezi umodzi, mpaka eni ake anadabwa. Ulendo wachiwiriwo unayenera kukhala wa kutsidya. Anasokoneza.

"Pepani," ndiwo mawu okha amene anatuluka.

"Pepani saikira mazira," anayankha a Yunesi, n'kutembenuka kumapita.

Inu amene mukuwerenga, musafulumire kunena kuti Watipaso anali mayi waulesi. M'midzi yonse yozungulira Sinda munalibe munthu wolimbikira ngati iye. Sukulu analekera giredi 7 bambo ake atamwalira. Mwamuna wake anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, ndipo patapita nthawi foni yake inasiya kupezeka. Watipaso anatsala ndi ana awiri, munda wa mtedza ndi mayi ake odwala miyendo. Watipaso ankalima, ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pamsewu, ankaperekeza mayi ake kuchipatala, ndipo maliro akagwa ndiye ankakhala woyamba kufika ndi nkhuni pamutu.

Alangizi a ziweto atabwera kudzafuna anthu oti aphunzire kutemera nkhuku, iye anakweza dzanja asanamalize n'kulankhula komwe. Ntchitoyo sinali yovuta: dontho limodzi la katemera m'diso la nkhuku iliyonse, n'kubwereza pakapita miyezi ingapo. Chovuta chinali nthawi. Katemera amafuna kukhala pozizira, ndipo akatsegulidwa sachedwa kutha mphamvu. Eni nkhuku amayenera kuuzidwa dzulo lake kuti asazitsegulire mmawa, chifukwa nkhuku yakumudzi ikatuluka simungaigwirenso mpaka madzulo. Zonsezi, pamodzi ndi za kumunda, za ana ndi za kuchipatala, Watipaso ankazisunga m'mutu. Aliyense womupempha kanthu ankamuyankha kuti, "Ndibwera, osadandaula." Ndipo ankanenadi kuchokera pansi pa mtima.

Nkhani ya thumba lija inafalikira msanga. Pamjigo azimayi ankati akamuona amasiya kucheza. Ena anamupatsa dzina loti Mai Ndaiwala, ndipo dzinalo linafika mpaka kusukulu, ana ake n'kumabwera akulira. Anasiya kupita kutchalitchi. Kenaka tsiku lina anatenga kabokosi kosungiramo katemera, n'kukakulunga m'chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Katete kuti akakabweze kwa alangizi. Anali atagamula kuti ntchito imeneyi si ya munthu wa mutu ngati wake.

M'minibasimo anakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire, wa magalasi, amene ananyamula chikwama chachikulu cha nsalu. Atayenda pang'ono, foni ya mayiyo inalira. Sanaiyankhe. Anangoizimitsa, n'kutulutsa kabotolo ka madzi, n'kumeza piritsi. Pasanapite nthawi inaliranso. Ulendo uno anayang'ana pagalasi la foniyo, n'kuimbira munthu wina: "Ndine Monica wa ku Vubwi. Nsalu zanu zija ndili nazo, mundipeze pamsika masana."

Watipaso analephera kudziletsa. "Pepani amayi, amene amakuimbirani osalankhula aja ndi ndani?"

A Monica anaseka. "Ndine ndemwe, mwana wanga. Ndimadziimbira ndekha. Yoyamba ija inali ya mankhwala a BP. Yachiwiriyi ndi ya kasitomala. Ine malonda anga amandifikitsa ku Malawi, ku Mozambique, ku Chipata. Ndikanati ndizidalira mutu, bwenzi nditafa kale kapena nditamenyedwa."

Mwina chifukwa choti anali mlendo amene sakanadzakumananso naye, Watipaso anawafotokozera zonse: za thumba, za dzina, ndi za kabokosi kamene kanali pamiyendo pake. A Monica anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mutu wanu ulibe vuto," anatero. "Koma mwausandutsa nkhokwe. Mukuthiramo chimanga, mtedza, nyemba, zonse pamodzi, kenaka mukudabwa kuti simukupeza chimene mukufuna. Mutu ntchito yake ndi kuganiza. Kusunga mupatse china. Foni muli nayo?"

Watipaso anatulutsa kafoni kake ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Anachita nako manyazi.

"Aka n'kokwanira," anatero a Monica. Anamusonyeza kalendala imene inali mkatimo, imene iye sanaitsegulepo chigulireni foniyo. Anamusonyeza mmene angaikire alamu pa tsiku limene lisanafike. Watipaso atanena kuti kulemba amachedwa nako, anamusonyeza pojambulira mawu.

"Dinani apa, n'kulankhula ngati mukuuza mnzanu. Koma lamulo ndi limodzi. Musalonjeze munthu chilichonse foni isanamve. Osati mukafika kunyumba, osati madzulo. Pompo, munthuyo akadali pamaso panu."

Atafika ku Katete a Monica anatsika ndi chikwama chawo n'kulowa m'chigulu cha anthu. Watipaso anayenda mpaka pachipata cha ofesi ya alangizi. Anaima pamenepo kwa kanthawi, kabokosi kali kukhwapa. Kenaka anatembenuka, n'kukwera minibasi yobwerera ku Sinda.

Musaganize kuti zinthu zinasintha sabata yomweyo. Poyamba anaika alamu pa chilichonse: yotungira madzi, yokandira ufa wa zitumbuwa, yopalira, yochapira. Kafoni kankangolira tsiku lonse ngati mwanapiye wosochera, mpaka iye anazolowera kukazimitsa osayang'ana n'komwe. Tsiku lina anazimitsa choncho alamu ya tsiku la mayi ake la kuchipatala, ndipo anafika anamwino atatseka kale. Anakhala pakhonde la chipatala, misozi ili m'maso, akudziuza kuti ngakhale foni yamulephera.

Koma ali pomwepo anaona pamene panalakwika. Zimene amachita tsiku ndi tsiku sizinkafuna kukumbutsidwa, popeza manja ake ankazidziwa okha. Alamu inayenera kukhala ya zinthu zimene wina akuzidikira. Atafika kunyumba anafufuta zambiri, n'kudziikira malire: pa tsiku zinthu zazikulu zisapitirire zitatu. Chachinayi chikabwera, chipite tsiku lina.

Anadzipangiranso chizolowezi. Lamulungu lililonse masana ankayala mphasa kuseri kwa nyumba, n'kumvetsera zonse zimene anajambula m'sabatayo, n'kupatsa chilichonse tsiku lake pa kalendala. Mudzi uliwonse anaupatsa ma alamu awiri: ina ya dzulo lake, yoti aimbire munthu mmodzi wa m'mudzimo kuti alengeze zoti nkhuku zisatsegulidwe, ina ya mmawa wa tsikulo.

Chomwe chinamuvuta koposa chinali kuphunzira kukana. Tsiku loyamba limene anauza mnansi wake kuti, "Lachiwiri sindingathe, ndili kale ndi anthu, koma Lachisanu ndibwera," anamva ngati wamutukwana. Mnansiyo anang'ung'udza. Koma Lachisanu Watipaso anafikadi, ndipo kung'ung'udzako kunathera pomwepo.

Midzi yapafupi inayamba kumulandiranso pang'onopang'ono. Unatsala mudzi wa kutsidya. Mvula itayamba, anamanga chitenje n'kuwoloka mtsinje. Anthu atamuona ankalowa m'nyumba. Anapita molunjika kwa a Yunesi, amene anawapeza akusenda chinangwa. Pabwalo pawo pankayenda thadzi limodzi lokha ndi anapiye ake, limene anapatsidwa ndi mlongo wawo.

"Sindinabwere kudzapempha kuti mundikhulupirire," anatero Watipaso atagwada. "Ingonditchulirani tsiku."

A Yunesi anapitiriza kusenda. Kenaka anati, "Lachinayi la sabata yamawa. Koma ine sinditsekera nkhuku mpaka nditamva mawu anu Lachitatu."

Watipaso anatulutsa kafoni, n'kudina, n'kulankhula iwo akumva: "Lachinayi, kutsidya, kwa a Yunesi. Lachitatu ndiwaimbire."

Lachitatu anaimba. Lachinayi kunacha ndi mvula yamphamvu, ndipo mtsinje unali utadzaza mpaka m'chiuno. Anthu a kutsidya anauzana kuti mayi uja wapeza chonamizira. Koma mvula itangodukiza anamuona akuwoloka, kabokosi atakasenza pamutu, madzi akumukankha uku ndi uku. Anatuluka ali chinyowere, n'kuyamba ntchito pakhomo pa a Yunesi. Anansi amene sanatsekere nkhuku zawo anayamba kuzithamangitsa m'matope kuti nazonso zilandire dontho.

Atamaliza, a Yunesi anamubweretsera chitenje chouma ndi chinangwa chootcha. Sanatchule za kale. Anangofunsa kuti, "Ulendo winawo mubwera liti?"

Watipaso anapisa dzanja m'thumba la malaya kuti aone pa kalendala. Kafoni kanali kodzaza madzi. Anakapukuta, anachotsa batire, anakayanika pamoto patali, koma sikanayakenso. Masiku onse a midzi yonse anapita nako.

Apa ndi pamene ambiri amasiyira. Nayenso anabwerera kunyumba ali wokhumudwa. Koma chifukwa choti Lamulungu lililonse ankadutsa m'ntchito zake imodziimodzi, anapeza kuti zambiri akuzikumbukira. Zotsalazo anayenda wapansi mudzi ndi mudzi kukafunsa, osachita manyazi: "Foni yanga yafa, tinagwirizana tsiku liti?" Anthu anadabwa kuona munthu akubwera kudzafunsa tsiku lisanafike, m'malo mobwera kudzapepesa litadutsa.

Pamenepo anaphunzira kuti chinthu chofunika sichisungidwa malo amodzi. Anapeza thabwa lakale la chitseko, n'kulikhomera kukhoma m'nyumba mwake. Anakhomapo misomali, msomali uliwonse mudzi wake, ndipo pansi pake analemba dzina ndi mwezi ndi choko. Anatolera zitsekerero za mabotolo n'kuziboola. Chofiira chikakoledwa pamsomali, ndiye kuti mudziwo ukudikira. Chobiriwira, watemeredwa. Ngakhale mayi ake, amene sanapiteko kusukulu, ankatha kuyang'ana thabwalo ali pamphasa n'kunena kuti, "Iwe, apa pafiirabe."

Atakolola mtedza anagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, ya galasi lalikulu, ndi kasola kakang'ono kotchajira. Anatsegula gulu la pa Watsapu la eni nkhuku, mmene ankatumizamo mawu ojambula, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe azimva. Akamaliza kutemera pakhomo ankajambula chithunzi cha khola ndi mwini wake, ndipo foniyo inkasunga yokha tsiku lake. Mkangano woti "kwathu simunafike" unatheratu.

Dzuwa litayambanso kutentha chaka chotsatira, chitopa chinabwera monga mwa nthawi zonse. Kumadera ena anthu ankakwirira nkhuku m'maenje. M'midzi ya Watipaso atambala ankalirabe m'bandakucha. Kutsidya kunafa zochepa chabe, za munthu wina amene anali atangozigula kumsika. Amene ankamutcha Mai Ndaiwala anayamba kumutumizira uthenga wopempha kuti awaike nawo pathabwa.

Mbiri imeneyi ndi imene inafika kwa a Humphrey, mwini malo odyera ku Katete. Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti, anthu akamasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, a Humphrey ankamanga chisakasa chachikulu n'kumaphikira alendo ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi m'Zambia momwe. Chaka chotsatiracho munthu amene ankawabweretsera nkhuku anawagwiritsa mwala kutatsala sabata imodzi yokha. Anakwera njinga yamoto mpaka pakhomo pa Watipaso, thukuta lili kamukamu.

"Amai, nili pa mavuto," anatero m'chilankhulo cha m'tauni. "Nifuna nkhuku za kumudzi zambiri, koma osati zonse pamodzi. Nilibe posungira. Zizibwera mmawa uliwonse mpaka mwambo usile. Manje anthu amalonjeza chabe. Imwe mungakwanitse?"

Watipaso wakale akanayankha pomwepo kuti, "Osadandaula." Uyu sanatero.

"Khalani pansi, bambo, mumwe madzi. Ndiyambe ndaona."

Analowa m'nyumba, n'kuyang'ana thabwa ndi kalendala. Anatumiza mawu pagulu lija kufunsa amene ali ndi nkhuku zogulitsa, ndipo mayankho anayamba kugwa ngati matalala. Popeza khola lililonse ankalidziwa, ankadziwanso amene akukokomeza. Atatuluka anati, "Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka ndikwanitsa. Lachitatu ayi, ndili ndi midzi iwiri yotemera, ndipo sindingaisinthe. Tsiku limenelo mupeze kwina."

A Humphrey anamuyang'ana modabwa. "Mukukana bizinesi?"

"Ndikukana kukunamizani."

Bamboyo anaseka, n'kutambasula dzanja. "Ndiye imwe ndimwe nifuna."

Sabata imeneyo Watipaso anagawa midzi: uwu Lachinayi, uwo Lachisanu, kutsidya Loweruka, tsiku lalikulu la mwambo. Mudzi uliwonse unali ndi malo ake osonkhanitsira, ngolo yake yofikitsa madengu kumsewu, ndi alamu yake. Lachisanu galimoto imene anapangana nayo inafa panjira. Sizinamugwedeze, chifukwa pa kalendala anali ataikiratu nambala ya dalaivala wachiwiri, ndipo nkhuku zinafika moto usanakolezedwe.

Loweruka anapita nazo yekha. Ku Mkaika kunali fumbi, ng'oma, ndi anthu osaoneka malire. Gule ankadutsa, azimayi akuimba m'magulu, utsi wa nyama ukukwera m'zisakasa. Madengu a kutsidya atatsitsidwa, a Humphrey anamugwira dzanja n'kupita naye kwa anzawo a malo odyera, mmodzi ndi mmodzi.

"Aba ndiwo amai bamene nimakamba. Bakati Lachisanu, ni Lachisanu."

Watipaso anaima pakati pa phokosolo, foni ili m'manja, anthu akumupatsa manambala awo. Aliyense amene anapangana naye kanthu anamuona akudina kaye n'kulankhula mufoni asanagwirane chanza. Anthu a m'midzi yake anagulitsa nkhuku pa mtengo umene anali asanauonepo, ndipo ambiri anabwerera kwawo ndi malata, mbewu ndi mayunifolomu a ana.

Lero Watipaso ali ndi kashopu pamsewu waukulu ku Sinda, kogulitsa mazira, chakudya cha anapiye ndi katemera wosungidwa m'furiji ya sola. Midzi inachuluka moti sangaimalize yekha, ndiye anaphunzitsa azimayi ena ntchitoyo, aliyense ndi thabwa lake. Alangizi a ziweto amamutenga kupita naye kumadera ena kuti akafotokozere anzake mmene amachitira.

Chaka chathachi anamutengera ku Vubwi. Anthu anadzaza m'kalasi ya sukulu ina, ena atachokera m'midzi ya m'malire. Atafotokoza za alamu, za kujambula mawu ndi za zitsekerero, bambo wina dzina lake Obvious anaimirira kumbuyo.

"Amayi, zonsezi tamva. Koma moyo wotere si ukapolo? Munthu kumangolamulidwa ndi foni ngati ng'ombe yapagoli?"

Anthu anaseka. Watipaso asanayankhe, foni yake inalira patebulo. Anaiyang'ana, n'kumwetulira, n'kuitembenuza kuti a kutsogolo awerenge. Panalembedwa mawu awiri okha: "Khala pansi."

"Iyi ndinaiika ndekha," anatero. "Kale ndinkagwira ntchito kuyambira kum'mawa mpaka dzuwa kulowa, mtima uli m'mwamba, ndikuopa kuti pali china chimene ndaiwala. Ndinkadya choimirira. Tsopano ikalira iyi ndimasiya zonse, ndimadya, ndimacheza ndi ana anga, ndipo mtima umakhala m'malo chifukwa ndikudziwa kuti palibe amene akundidikira pena pake. Foni simandilamula, bambo. Imangondibwezera mawu anga omwe. Tsopano tiyeni tikadye, tipitiriza tikabwerako."

Anatuluka onse akuseka, ndipo a Obvious ndi amene anakhala oyamba kumutsatira, foni ili m'manja, kuti awasonyeze podina.

Mwina inunso anthu anakutchani woiwala, wosadalirika, wosalongosoka, ndipo munayamba kuvomereza kuti ndi mmene munabadwira. Simunabadwe choncho. Mwangosenza zambiri pamalo amodzi. Simukusowa ofesi, kompyuta kapena satifiketi kuti muyambe. Chimene chili m'thumba mwanu, kapena khoma la m'nyumba mwanu, n'chokwanira. Lero lomwe tulutsani m'mutu lonjezo limodzi, mulipatse tsiku lake, ndipo tsikulo likafika mukapezekepo. Mukaphonya, konzani pamene palakwika n'kuyambiranso. Dzina labwino limabwerera, tsiku limodzi losungidwa pambuyo pa linzake. Musataye mtima, ndipo musadikire Lolemba.